Mzere Umodzi wa Rejoice

Chifuwa chinamupeza Rejoice pa tsiku lolakwika. Mawa lake mwana wa Maness, mkulu wake, amatuluka m'chikuta ku Dambe, ndipo Rejoice anali atalengeza kale ku Fomu 2 yonse kuti woyamba kunyamula khandalo ndi iyeyo. Koma inali nthawi ya Korona. Amayi ake atangomva kukhosomola kuseri kwa nkhokwe, anamulozera njira ya kuchipatala.

"Ndangotsamwa chimanga chokazinga, amayi."

"Chimangacho akachione achipatala. Nyamuka."

Kuchipatala, a Binwell azaumoyo anamupisa kamtengo kathonje m'mphuno, mtsikana n'kugwetsa misozi ngati wamenyedwa. Anadontheza timadzi pa kachipangizo kofanana ndi koyezera malungo. Patapita kanthawi panaoneka mzere umodzi.

"Ndiye kuti ndilibe, eti?" anafunsa Rejoice ataimirira kale.

"Ndiye kuti lero sikanapeze," anatero a Binwell. "Aka kakaonetsa mizere iwiri, kawirikawiri kamakhala kakunena zoona. Koma matenda akangoyamba kumene tizilombo timachepa m'mphuno, ndiye nthawi zina kamatiphonya. Iwe ukukhosomola. Ubwerenso mkuja, ndipo pakadali pano utalikirane ndi anthu."

Paja makutu a mtsikana amasankha ngati nkhuku pamphale. Kunyumba kunangofika mawu awiri basi: "Mzere umodzi." Ena onse anagwera m'njira.

M'mawa mwake anavala chitenje chatsopano, n'kutenga sopo wa mwana ndi manachesi m'jumbo. Atakwera chitunda chomaliza, denga la kwa Maness likuoneka, anamva ludzu ndipo anasenda nachesi. Sanamve fungo lililonse. Nachesi wa ku Neno ameneyu, amene amakuulula ngakhale udyere m'bulangete! Anafinyira khoko pamphuno penipeni, zii. Ananunkhiza sopo, chimodzimodzi.

Anakhala pamwala. Mawu amene anawataya dzulo aja anamupeza pomwepo, onse. Anaganiza za kamphuno ka mwana wongobadwa kumene, kenaka za anzake a kusukulu amene adzamuseke. Anatafuna nachesi wopanda kukomayo mpaka kumaliza.

Atafika, anaima kumapeto kwa munda wa mbatatesi, osaponda pabwalo. A Gerishon, amuna a Maness, anamuona.

"Alamu, manyazi mwawayamba liti? Kapena mukudikira tikuyalireni mphasa?"

"Mphuno yanga yafa, alamu. Sopoyu ndasiya pachitsa apa, mumutsuke kaye. Auzeni achemwali andionetse mwanayo ndili konkuno."

Maness anatuluka, n'kukweza khandalo m'mwamba pang'ono. Kuchokera kumundako Rejoice ankangoona kansalu ndi kachibakera kamodzi.

"Wafanana ndi ine," anakuwa.

"Mwaona chiyani inu pamenepo?" anaseka a Gerishon. "Ndi chigongono chimenecho."

Tsiku lotsatira Rejoice anapereka yekha mphuno kwa a Binwell, osadikira kuuzidwa. Mizere inatuluka iwiri, yakuda bwino. Mtsikana anaiyang'ana, n'kuyamba kumwetulira kuseri kwa masiki mpaka maso kuchepa.

"Anthu amalira akaona zimenezi," anatero a Binwell modabwa. "Iwe chakusangalatsa n'chiyani?"

"Mwana sindinamugwire," anayankha Rejoice. "Tsono ndiuzeni zoti ndichite, ulendo uno ndimvetsera mpaka kumapeto."