Chitsulo cha Mkamwini

Kuyambira ali wamng'ono, Chisamba ndiye ankasonkhezera moto bambo ake akamafulula mowa m'kashedi ka kuseri kwa nyumba. Mowawo sunali wogulitsa, unali wa pakhomo basi. Koma pafupi ndi mphikawo m'pamene bambo ankamasuka, n'kumauza mwana wawo woyambayo zinthu zomwe ngakhale mayi sankazimva.

Kenako mlongo wake anakwatiwa ndi wamagetsi. Mkamwiniyo ataona apongozi ake akutsokomola ndi utsi, anaboola mphika m'mbali n'kulowetsamo chitsulo chotenthetsera, chonga cha m'ketulo. Nkhuni zinatha ntchito. Bambo anayamba kumuitana kuti "mwana wanga", mpaka kumukhazika pampando wa Chisamba. Chisamba ankaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha. Mumtima nsanje inkamudya ngati chiswe.

Mlamu wakeyo, munthu wosadziwa kuwerenga nkhope, anamukokera pambali n'kumuchenjeza kuti asadzayatse mphika uli wouma, chifukwa chitsulocho chimapsa. Sanadziwe kuti akuonetsa fisi khomo la khola.

Tsiku lofulula litakwana, Chisamba analawirira kushedi, n'kuyatsa mphika wopanda ngakhale dontho la madzi. Anaima pomwepo mpaka chitsulo chinafiira, kuthetheka, n'kuzima. Bambo atafika ndi chimera chawo anapeza fungo lokhalokha, ndipo anaitana onse.

Mkamwini anayang'ana chitsulo chakudacho, anayang'ananso mlamu wake, kenako anaweramitsa mutu. Anapepesa kuti mwina analumikiza mawaya molakwika.

"Musadzinamizire," anatero mkazi wake, misozi ili mbwembwembwe. Anatembenukira kwa Chisamba. "Achimwene, ndakuonani pawindo mukutuluka muno. Mwamuna wanga anakulakwirani chiyani?"

Chisamba anafuna kukana, koma zomwe anasunga nthawi yonseyo zinatuluka zokha.

"Mwana wa pakhomo pano ndine. Iyeyu wabwera dzulodzuloli, wanditengera mpando, wanditengera bambo anga. Ine ndikhale pati?"

Mlongo wake anagwira mwamuna wake pamkono, nanena kuti pakhomopo sadzapondaponso, n'kumenyetsa chitseko mpaka zivundikiro zinagwa pashelefu.

Bambo anatuluka, n'kubwera ndi mtolo wa nkhuni zomwe zinatsala, nauponya pamapazi a mwana wawo.

"Moto wako ndi uwo. Koleza."

Mtima wa Chisamba unakhala pansi. Anatseka bowo lija, anathira madzi, anakoleza moto mwachangu ngati kale, n'kukokera mpando wake pamalo pake. Utsi utayamba kukwera, bambo anatsokomola kawiri, ananyamula mpando wawo n'kukalowa nawo m'nyumba.

Chisamba anadikira mpaka madzi anawira, koma bambo sanabwerere. Analira, ndipo panalibe woti amunamize kuti ndi utsi.