Priska Akaniza Nkhuku Yake

Priska ankakhala ku Nyachikadza, pafupi ndi madambo a Shire. Anali ndi nkhuku imodzi. Nkhukuyo inali yakeyake. Dzina lake linali Namawanga.

Namawanga anali wadyera. Ankadya gaga. Ankadya chiswe. Bambo a Priska anali msodzi. Akamasoka ukonde pabwalo, Namawanga ankabwera kudzatola mamba a nsomba. Akamuthamangitsa, ankabweranso. Manyazi analibe.

Koma m'mawa wina Namawanga sanatuluke m'khola.

Priska anasuzumira. Namawanga anali khale pakona. Mapiko anali atagwa, ngati wavala jekete la munthu wamkulu.

Priska anamuthirira mapira. Namawanga anajompha. Mapira anagwa pansi. Anajomphanso. Mapira anagwanso.

Priska anachita mantha kwambiri.

Inali nyengo yotentha. Nyengo imeneyi kumabwera chitopa. Chitopa ndi matenda oopsa a nkhuku. Chikalowa m'khola, chimasesa zonse. N'chifukwa chake anthu a m'mudzimo sachedwa. Nkhuku ikangogwetsa mapiko, amaipha tsiku lomwelo.

Mayi anabwera. Anayang'ana Namawanga. Anapukusa mutu. Anati chimenechi ndi chitopa basi. Kenako anatereka madzi pamoto.

Bambo anabwera. Anayang'ana Namawanga. Nawonso anapukusa mutu. Kenako anayamba kunola mpeni pamwala.

Priska ananyamula Namawanga. Anamukumbatira pachifuwa.

"Bwera nayo kuno, mwanawe," anatero bambo.

"Nkhabe, Baba," anakana Priska. "Ayi."

Bambo anasiya kunola. Mayi anasiya kukoleza moto. Priska anali asanawakanirepo chinthu pamaso chonchi. Koma manja ake sanamasuke.

Mayi analankhula mofatsa. Anati pakhomopa pali nkhuku zina. Anati oyandikana nawo alinso ndi nkhuku. Imodzi ikapatsira zinzake, zonse zitha.

Mayi ankanena zoona. Priska ankadziwa. Komabe nkhuku sanapereke.

Kuseri kwa nyumba kunali mono wakale wa nsomba. Priska anaukoka. Anaukokera kutali, pansi pa mtengo wa masau. Anaika Namawanga pansi. Anamuvundikira ndi monowo.

"Tsopano ali yekha," anatero Priska. "Sapatsira mnzake aliyense."

Bambo anakanda mutu. Anati chabwino, akhale naye kaye pang'ono. Koma madzi akawira, akubwera ndi mpeni.

Priska anakhala pansi. Sanalire. Nthawi yolira panalibe.

Chaka chatha chitopa chinapha nkhuku za m'mudzimo. Priska anaziona ndi maso ake. Zitosi zake zinali zobiriwira. Makosi anali opindika. Zinkapuma movutikira.

Ndiye Priska anayamba kuyang'ana.

Anayang'ana zitosi. Sizinali zobiriwira.

Anayang'ana khosi. Linali lowongoka.

Anaika khutu pamsana pa Namawanga. Ankapuma bwinobwino.

Nanga chitopa chake n'chiti?

Priska anathira madzi m'kambale. Namawanga anathamangira. Anaviika mlomo. Anakweza mutu. Koma madzi anangotayika. Anaviikanso. Anatayikanso.

Priska anaganiza. Namawanga akufuna kudya. Akufuna kumwa. Koma akulephera kumeza. Ndiye kuti vuto lili m'kamwa.

Anayesa kutsegula mlomo. Namawanga anamujompha chala. Anayesanso. Namawanga anapotoza mutu. Manja a Priska anali aang'ono. Sakanatha yekha.

Kukhitchini madzi anawira.

Bambo anatulukira ndi mpeni. Mayi ankabwera pambuyo.

Priska anabweza Namawanga m'mono. Iye anaima kutsogolo. Anatambasula manja.

"Choka pamenepo, Priska," anatero bambo.

"Nkhabe, Baba. Muyambe mwaona m'kamwa mwake."

Mayi anati mwana ameneyu ndi wamakani. Bambo anati watengera mayi ake. Mayi anawayang'ana ndi diso la kumbali. Bambo anatsokomola, naika mpeni pansi.

Priska anagwira mapiko. Bambo anatsegula mlomo. Onse atatu anasuzumira.

M'kamwamo munali ulusi. Unali wopyapyala. Unali utakulunga lilime. Lilime linali litatupa.

Bambo anauyang'anitsitsa. Ulusi umenewu ankaudziwa bwino. Unali ulusi wa ukonde wawo. Akamasoka, tizidutswa ankangotitaya pabwalo. Namawanga anatola kamodzi pamodzi ndi mamba.

Mayi anathamanga kukatenga singano ndi lezala.

Priska anagwira mapiko. Mayi anakweza ulusi ndi singano. Bambo anadula ndi lezala. Pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono. Ulusi unachoka wonse.

Priska anasendeza kambale ka madzi. Namawanga anaviika mlomo. Anakweza mutu. Madzi anatsika pakhosi. Anamwa. Anamwanso. Anamwanso.

Apa m'pamene Priska analira. Analira chifukwa cha chimwemwe.

Nanga madzi owira aja? Mayi anaphikira phala la gaga. Analisiya kuti lizizire. Lilime la Namawanga linali lidakali lowawa. Mapira akanamupweteka.

Mayi anati Namawanga akhalebe m'mono masiku angapo. Anati tiyambe taona. Priska sanakane. Zimenezi zinali zanzeru.

M'mawa uliwonse Priska ankatsuka kambale. Ankathira madzi oyera. Ankabweretsa phala lozizira. Dzuwa likasuntha, ankasunthira mono pamthunzi. Ankayang'ana zitosi. Ankayang'ana lilime.

Bambo nawo anapeza ntchito yatsopano. Akamaliza kusoka ukonde, ankagwada pabwalo. Ankatola tiulusi tonse. Priska ankawalozera tomwe tatsala.

Lilime linaphwa. Mapiko anakwera. Nkhuku zina zonse zinali bwino.

Tsiku lina masana banja lonse linakhala pansi pa mtengo wa masau. Bambo anaimirira. Anakweza mono ndi manja awo.

Namawanga anatuluka. Anadzikutumula. Anakupiza mapiko. Anaona tambala akudya mapira. Anathamanga, namupirikitsa. Tambala wamkulu anathawa akulira.

Mayi anaseka mpaka kugwira nthiti. Priska anaseka mpaka kugwa pamphasa.

Bambo sanaseke kwambiri. Anayang'ana Namawanga nthawi yaitali. Kenako anaika dzanja pamutu pa Priska.

"Ndikanapha nkhuku yabwinobwino," anatero bambo. "Takhuta, mwananga. Zikomo. Unachita bwino kukana."