Khola Limene Linadya Nyumba

Ndalemba izi Lachinayi, pa 14 Ogasiti, masana, pa khonde la kuseri. Analipo ndi azakhali anga, amene anafotokoza nkhaniyi, ndi alamu awo, amene anavomereza kuti zinachitikadi motero.

Panali kalipentala wina wosauka amene ankakhala ndi mkazi wake, mwana wawo wamkazi ndi bambo ake okalamba. Tsiku lina aneba anamulemba ganyu yomanga khola la nkhuku. Analimanga bwino, la matabwa opala ndi denga la malata atsopano, pamene nyumba yake yomwe inkadontha pa malo asanu.

Mkazi wake anamuseka. "Bambo a mwana, nkhuku za aneba zikugona ngati mabwana, ife tikugona ndi mabeseni. Kapena tikapemphe malo m'kholamo?"

Iye sanaseke nawo. Mmawa mwake anapita kwa sing'anga wina amene ankakhala kuseri kwa malo ogulitsira zitsulo zakale.

Sing'angayo anayang'ana manja ake nati, "Manja a ntchito awa. Mwatopa nawo?"

"Ndatopa, agogo. Ndikufuna changa."

Anamupatsa dzira limodzi lofunda ndi msomali wadzimbiri. "Msomaliwu mukhome pa nsanamira yoyamba ya khola lanu. Dzirali muliike mkati. Mazira gulitsani mmene mungafunire, koma nkhuku musaphe, musagulitse, musapatse munthu. Iliyonse ikhale ndi pogona pomangidwa ndi manja anu."

"Zimenezo n'zosavuta. Ndine kalipentala."

"N'chifukwa chake ndakukondani. Koma ikasowa pogona, idzadzipezera pogona pa munthu."

"Nanga munthuyo?"

"Sadzapafunanso."

Kalipentala anamanga kakhola kuseri kwa nyumba. Dzira lija linaswa thadzi lakuda, ndipo pasanathe miyezi itatu khola linadzaza. Nkhukuzo zinkaikira kawiri pa tsiku. Anthu a magolosale ankadikira mazira pa geti ndi njinga zawo. Denga la nyumba linasinthidwa, mwana anagulidwa nsapato, mkazi anayamba kuyenda monyada. Paja amati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Vuto linali lakuti matadzi ankabisa mazira ena m'makona ndi pansi pa matabwa, ndipo mlungu uliwonse kunkatuluka anapiye amene palibe anawayembekezera. Kalipentala anakulitsa khola mpaka pa chingwe choyanikira zovala. Analikulitsanso mpaka pa mpanda. Anasiya maganyu onse, chifukwa hamala sinkachokanso m'manja mwake.

Tsiku lina waya wokulitsira khola unamuthera ndipo anati adzagula mawa. Kutacha, mkazi wake anapita ndi madzi osamba ku chipinda cha apongozi ake, ndipo anapeza msoti utakhala pa pilo, nkhalambayo ili pambali ikuuyang'ana. Inamwalira dzuwa lisanafike pamutu.

Maliro atatha, kalipentala anagumula zenera la chipindacho n'kukhomamo mapaso ogonapo nkhuku. Kenako anatenga khitchini. Kenako chipinda chochezera. Zitosi zinanunkha m'nyumba monse, utitiri unalowa m'zofunda. Anafuna kubwerera kwa sing'anga kuti akabweze msomali, koma ankati akafika pa geti, ankamva anapiye atsopano akulira, n'kubwerera chothamanga.

Mantha ake onse anali pa mwana. Anatenga waya n'kuzunguliza bedi la mwanayo, pamwamba ndi m'mbali, n'kuika kachitseko ka loko. Mkazi wake anapeza mwana atagwira waya ndi zala, akuyang'ana kunja.

"Kodi mwanayu mwamusandutsa chiyani? Mawa mumuthirira gaga?"

"Mayi a mwana, ndikumuteteza. Simukudziwa inu."

"Ndikudziwa kuti apongozi anga sanadwale. Tiyeni tichoke tonse, nkhukuzi zitsale."

"Ndikachoka, ndani azimangira pogona? Zidzatitsatira kulikonse kumene tidzayale mphasa."

Mkaziyo anathyola loko ndi hamala ya mwamuna wake, anabereka mwana, n'kupita kwawo osanyamula kanthu kalikonse kogulidwa ndi mazira.

Kalipentala anatsala yekha, ndipo anadziwa kuti akaleka kumanga, mwana wake sapulumuka ngakhale ali kutali. Anadula bedi lake n'kupangira zisa. Mphasa anaitentha, poganiza kuti munthu wopanda pogona nkhuku singamulande malo. Ankawodzera chiimirire, atatsamira khoma, misomali ili pakamwa. Ogula mazira ankamuona kudzera pa waya, ataonda, nthenga zili m'tsitsi, akuyeza ndi kuyezanso malo amene kunalibenso.

Masana ena miyendo inamukana. Anakhala pa bokosi la zida ndipo tulo tinamuba pang'ono. Atadzidzimuka ananyamuka kuti akakhome thabwa limodzi. Potembenuka, anaona thadzi lakuda litakhala phee pa bokosi paja.

Aneba anachita kudula waya kuti atulutse mtembo, chifukwa khola lomaliza analikhoma ali mkati ndipo sanasiye khomo.

Phunziro ndi lakuti dyera limamangira munthu khola ndi manja ake omwe. Chuma cha mankhwala sichikhuta: chimayamba ndi bwalo, chimadya nyumba, chimamalizira mwini wake. Ndi bwino kugona m'nyumba yodontha uli ndi abale ako amoyo.

Sukulu sindinapite nayo patali, choncho wowerenga akapeza polakwika, chonde akonze.