Chikalata Chimene Chinatuluka Nthawi Isanakwane

Nkhani iyi si yopeka ayi. Inachitikira mlamu wanga, mlembi wa pachipatala china, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo katswiri wa makompyuta amene analipo akadali moyo, mukhoza kukamufunsa.

Kompyuta ya mu ofesi ya mlamuyo inali nkhalamba yeniyeni, ya malemba obiriwira, ndipo mafoda ake analibe mayina, anali ndi manambala okhaokha. Tsiku limenelo pabenchi panali bambo wina atapinda chipewa m'manja, akudikira kalata yotumizira mkazi wake kuchipatala chachikulu. Popanda kalatayo ambulansi sikananyamuka, ndipo dalaivala anali ataliza kale hutala kawiri.

Mlamu analemba kalata ija, nadina batani losindikiza. Pulinta ziii. Pasikirini panangotuluka mawu akuti fayilo sikupezeka. Anayesa kanayi, thukuta lili kamukamu, kenako anathamangira katswiri uja.

"Aa, kameneka ndiye mwandiitanira, mayi?" anaseka katswiriyo. "Dzulo tinasuntha mafoda, ndiye gogoyu akufunafunabe kalata kumene inkakhala kale. Ndingomulozera njira yatsopano basi."

Analemba njirayo mwaphuma, osakhala ndi pansi pomwe. Pulinta inatsokomola, niyamba kukoka pepala. Kwee, kwee. Fungo la inki yotentha mlamu ankalidziwa bwino, koma limene linadzaza mu ofesimo linali lina, la mankhwala otsukira kumotchale. Fani ya padenga inaima yokha.

Mlamu anatenga pepala lija likadali lofunda. Sinali kalata yotumizira wodwala. Chinali chikalata cha imfa. Dzina la mkazi wa bambo uja. Deti la tsiku lomwelo. Nthawi yomwalirira, 2:40.

Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali 2:25.

"Mwalemba ndinu izi?" ananong'ona mlamu.

"Ine? Ndangophonya nambala. Ndalozera kufoda ya omwalira."

"Nanga walemba ndani?"

Katswiriyo anatsegula foda ija. Anatsika mndandanda wonse, nakweranso. Fayilo yoteroyo munalibemo. Kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Yatheka, mayi?" anafunsa bambo uja atasuzumira pakhomo.

Mlamu anatembenuza pepalalo, nalipsinja ndi chikhatho. "Pang'ono pokha, bambo."

Mantha anamugwira mlamu, inu. Koma mumtima anati pepala si Mulungu, mayiyu akangokwera ambulansi ija apulumuka.

"Konzani msanga!"

Katswiri anayamba kulembanso njira ija. Anaphonyanso. Anafufuta. 2:31. Analembanso nambala imodziimodzi, akuitchula chapansipansi ngati mwana wa sukulu. Pulinta inakoka pepala. 2:36. Kalata yeniyeni.

Mlamu anaidinda, ndipo sanaipereke kwa bamboyo, anathamanga nayo yekha. Nsapato imodzi inavuka pakhonde, sanaitole. Panja injini ya ambulansi inali ikulira, chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Bambo uja ankamutsatira wefuwefu, akuthokoza njira yonse.

Atalowa muwodi anapeza muli zii. Pabedi lapakona namwino anali akukoka katani pang'onopang'ono.

"Mayi a kunyumba, kalata ija yapezeka!" anafuula bamboyo, chimwemwe chili tsaya. "Dzukani tizipita!"

Namwino anayang'ana kawotchi kake ka pachifuwa, natulutsa cholembera kuti alembe nthawi. Mlamu sanafunse. Ankaidziwa kale.