Mchira wa Nyimbo ya Loweruka

Nkhani iyi sindinaitole pamsewu. Anandiuza ndi mwiniwake, ndipo bambo amene anali pa makina tsikulo akadali moyo, mukhoza kuwafunsa. Si munthu wokometsera nkhani.

Mayiyu anali muulutsi pa kawailesi kena, ndipo Loweruka lililonse masana ankayendetsa pulogalamu ya nyimbo zofatsa za oyimba odziyimira okha, opanda kampani. Omvera ankamutchula Asisi a Nyimbo. Oyimbawo ankajambulira m'zipinda zawo zogona, ena atadzifunditsa bulangete kuti phokoso lisalowe, kenako n'kusiya fulashi ya nyimbozo mu envelopu pageti la wailesiyo. Ndiye nyimbo zambiri zinkabwera ndi mchira. Gitala akatha, munthu asanazimitse chojambulira, munkamveka tambala, mbale zikugundana, kapena mkazi wake akufunsa ngati tsopano angatsokomole. Kudula michirayi inali ntchito ya bambo a makina aja, amene onse ankangowati a Mabatani. Lachisanu ankamvera nyimbo iliyonse mpaka kumapeto.

Sabata imeneyo a Mabatani ankadwala dzino. Anangomvera theka-theka n'kunena kuti zonse zili bwino.

Asisi anali ndi mwana wamwamuna wa chaka ndi miyezi inayi. Akamapita ku ntchito ankamusiya ndi mlamu wake, mchemwali wa mwamuna wake, ndipo ankaika kawailesi pawindo la kuchipinda, chifukwa mwanayo akamva mawu a amake ankagona osavuta. Komabe mtima wake sunkakhala m'malo. Ankaimba foni kunyumba asanalowe mu situdiyo, n'kuimbanso pa nthawi ya malonda, mpaka mlamuyo anamufunsa tsiku lina ngati akuganiza kuti mwana ndi mchere woti angasungunuke.

Nyimbo yachisanu tsikulo inachokera mu envelopu imene inafika Lachitatu. Inalibe dzina, inalibe nambala ya foni. Zimenezi n'zachilendo, pakuti oyimba otere amalemba nambala katatu, kutsogolo, kuseri ndi pafulashi pomwe. Kompyuta inkaonetsa mphindi zitatu ndi masekondi khumi.

"Woyimba uyu sanatiuze dzina," anatero Asisi pa maikolofoni. "Mwina ndi wamanyazi ngati a Mabatani akaona alendo. Tiyeni timve."

A Mabatani anamuloza chala kuseri kwa galasi, dzanja lina lili patsaya.

Inali nyimbo yokoma, zoona. Mawu a mzimayi ndi gitala mmodzi basi, ikukamba za ulendo wautali wofunika kunyamuka dzuwa lisanapendeke. Asisi anatsinzina, akugwedeza mutu. Ali choncho anamva fungo la dothi lonyowa. Situdiyoyo ilibe windo, ndipo kunja dzuwa linali phwee.

Gitala anatha. Anakweza dzanja kuti a Mabatani atsegule maikolofoni, koma manambala pa kompyuta ankangopitirira. Mchira. Anamwetulira, akukonza kale mawu owanyogodola nawo.

M'mahedifoni munamveka mpopi ukudontha m'beseni. Tho. Tho. Kenako katani ikukhudza khoma. Kenako kawailesi kolira motsitsa, ndipo munthu ankalankhula mmenemo.

"…wamanyazi ngati a Mabatani akaona alendo."

Anali mawu ake. Anali atangowanena mphindi zitatu zapitazo. Fulashiyo inabwera Lachitatu.

Anayang'ana a Mabatani. Bamboyo anali atachotsa dzanja patsaya.

Ndiye panamveka mwana akuyamwa zala. Mayi aliyense amadziwa kayamwidwe ka mwana wake. Wake ankayamwa ziwiri, n'kumapumira m'mphuno ngati kamphaka. Pambuyo pake dilowa inakokedwa, n'kukana, n'kukokedwanso. Inali dilowa ya pansi ya kuchipinda kwake, yolimba ija, momwe ankasungamo zovala za mwana za paulendo.

A Mabatani anatambasula dzanja kuti azimitse. Asisi anapukusa mutu mwamphamvu. Akazimitsa, samvanso zochitika m'chipindamo.

Anatenga foni n'kuimbira mlamu wake. Inaitana m'khutu mwake. Inaitananso m'mahedifoni, chapatali, ngati ili pabalaza. Palibe anaiyankha.

Nsalu inakhwekhwereza. Mawu a mzimayi uja ananong'ona, pafupi kwambiri.

"Kweza dzanja. Eya. Linalo."

Kuchokera ku situdiyo kukafika kunyumba ndi ulendo wa mphindi makumi anayi, basi ikapezeka msanga. Mwamuna wake anali kutali ndi ntchito. Chinthu chimodzi chokha cha iye chimene chikanalowa m'chipindamo nthawi yomweyo chinali mawu ake, kudzera m'kawailesi ka pawindo. Anauza a Mabatani ndi chala kuti atsegule maikolofoni. Nyali yofiira inayaka.

Akuti mpaka lero sadziwa komwe anautenga mtima wofatsa umene analankhula nawo. Anagwiritsa ntchito mawu ake a masiku onse, omwe aja operekera moni kwa omvera.

"Amayi amene mwatiyimbira, zikomo, nyimbo yanu ndi yabwino. Koma mwanayo ali ndi amake. Amake ndine. Chonde, mubwezereni pomwe mwamupeza."

Anamva mawu akewo akutuluka m'kawailesi kaja, ochedwa pang'ono. Kenako zii.

Tho. Tho.

Mwana anayasamula.

"Amaliratu mukachoka," anatero mzimayi uja. Sanali wokwiya. Ankangonena.

"Ndikudziwa, amayi. Ndikubwera pompano."

Panapita nthawi. Matiresi analira pang'ono, monga amachitira munthu akaikapo kanthu mosamala. Sipanamveke mapazi. Sipanamveke chitseko. Manambala pa kompyuta anaima.

Asisi anasiya mahedifoni patebulo n'kutuluka, pulogalamu ili pakati, chinthu chimene anali asanachitepo. A Mabatani anaika nyimbo motsatizana mpaka nthawi ya nkhani. Akuti mafoni anagwa ngati mvula. Omvera ankafunsa dzina la woyimbayo, ena ankafunsa ngati Asisi ali bwino, chifukwa iwo anamva nyimbo, kenako bata lalitali, kenako Asisi akulankhula okha. Mchirawo anaumva anthu awiri basi. A Mabatani atabwereza fulashiyo, nyimbo inathera pa mphindi zitatu ndi masekondi khumi, yoyera bwino ngati yodula kale.

Kunyumba Asisi anapeza chitseko cha kumaso chili chokhoma. Mlamu wake anali kuseri akuchapa, thovu mpaka m'zigongono, foni ataiiwala pampando. Anadabwa kumuona nthawi imeneyo. Anati palibe wabwera, mwana wagona kalekale, anamugoneka ndi thewera lokha chifukwa cha kutentha.

Analowa kuchipinda onse awiri, Asisi patsogolo.

Mwana anali mtulo pakati pa bedi, zala ziwiri zili m'kamwa, akupuma bwinobwino. Anali atavala juzi yake ya paulendo, mabatani onse ali m'malo mwake, ndi chipewa chomangidwa pansi pa chibwano. Phazi lamanja linali ndi sokosi ndi nsapato, chingwe chomangidwa bwino. Lamanzere linali ndi sokosi yokha.

Asisi anamunyamula, n'kukhala naye pansi pomwepo. Mlamu wake ndi amene anayamba kufunafuna nsapato inayo. Anasuntha bedi, anakhuthula madilowa onse, anayang'ana mpaka panja pa windo.

Sinapezeke.