Laputopu Imene Inkaphethira

Zimene ndikulembazi anaziona anthu atatu, ndipo onse ali moyo: Kawaya wokonza mafoni ndi makompyuta, mlamu wake, ndi atelala amene amasokera pakhonde la shopu yake. Atelalawo mowa samwa, bodza sanalizolowere. Wokayika apite akawafunse, angosamala kafunsidwe, poti Kawaya masiku ano sachedwa kupsa mtima.

Lolemba m'mawa nyumba yosanja imene inkamangidwa m'mbali mwa msewu waukulu inagwa. Mkulu wake wa Kawaya anali atagwira ganyu pamenepo kwa sabata zitatu, kututa simenti kupita nayo kuchipinda chapansi. Tsikulo ananyamuka m'mamawa atavala kapusi yake chotembenuza monga mwa masiku onse, ndipo sanabwerere. Okumba anatulutsa anthu asanu ndi awiri, atatu amoyo, anayi akufa. Lachiwiri kampani inaika uthenga patsamba lake la pa intaneti: m'kaundula munali mayina asanu ndi awiri, onse apezeka, kufufuza kwatha, Loweruka kubwera makina odzasalaza malowo. Pansi pa uthengawo panali chithunzi cha antchito asanu ndi awiriwo, atafola pafupi ndi mulu wa mchenga.

Waganyu salembedwa m'kaundula. Aliyense amadziwa zimenezi, ngakhale aja amanamizira kusadziwa. Kawaya ndi mlamu wake, mkazi wa mkulu wakeyo, atapita kukafunsa, kapitawo anati munthu woteroyo sanamuonepo, nawonjezera kuti amuna ena amasowera kwa akazi ena, akafufuze kumeneko. Anatero pamaso pa mkazi wa munthu, akutokosa m'mano.

Lachitatu masana mlamu analowa m'shopu atakumbatira laputopu yakale ya kunyumba.

"Alamu, ichinso chayamba misala," anatero. "Ndikatsegula tsamba la akampani aja kuti ndione ngati asintha mawu, chikumathima. Kuthima, kuyaka, ngati munthu akuphethira."

"Khalani apo, alamu. Limeneli ndi vuto laling'ono."

Kunena zoona, Kawaya anapezako mpumulo. Masiku awiri anali atangozungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, ndipo apa panali chinthu chimene manja ake akanatha kuchikonza. Ntchitoyi palibe anamuphunzitsa, anaidziwa mwa kuphwasula zinthu zakufa, ndipo ankanyadira kuti palibe makina amene anamugonjetsapo.

Anayamba ndi zophweka. Anazula chaja, nayesa ndi batire lokha. Anatsegula ndi kutseka chivindikiro pang'onopang'ono kuti aone ngati waya wodutsa pahinji wapanika. Anasintha pulogalamu yotsegulira intaneti, naika ina. Masamba a mpira, a nyimbo, a nkhani, onse ankaoneka bwinobwino. Koma akangotsegula tsamba la kampani, sikirini inkada. Katatu motsatizana, kenako kupuma. Katatu, kupuma.

Analumikiza laputopuyo ku TV ya pakhoma. TV inaonetsa tsambalo osagwedera ngakhale pang'ono, pamene laputopu inkaphethirabe. Kawaya anagwedeza mutu.

"Ndiye kuti ndi waya kapena sikirini. Mawa mudzaitenge, alamu."

Lachinayi anasintha waya. Palibe chinasintha. Anazula sikirini yonse, naika ina yochokera m'laputopu yakufa imene inali pansi pa tebulo. Inayaka mokongola, mitundu yake yowala kuposa kale. Anatsegula tsamba lija. Katatu, kupuma.

Anatukwana, natembenuza makinawo kuti ayang'ane fani yoziziritsa m'kati. Anali ataipukuta dzulo lake ndi burashi mpaka kuwala. Tsopano inali itadzaza fumbi lotuwa, losalala ngati ufa. Analitsina ndi zala. Linali lonyowa.

Atelala anasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi.

"Aphwanga, mwayamba zomangamanga muno? Simenti yake ikununkha mpaka pansalu za makasitomala anga."

"Mulibe simenti muno, madala."

"Ndiye mphuno zangazi zapuma ntchito."

Okonza makompyuta ali ndi kanjira kawo. Sikirini ikada, nthawi zambiri chimene chathima ndi nyale yakumbuyo kwake, chithunzi chimakhala chilipo. Ukawalitsa tochi chapambali, pafupi ndi galasi, umachiona mwachizimezime. Kawaya anapempha atelala kuti alowe ndi kutseka chitseko. Inali nthawi ya nkhomaliro. Kunja maminibasi ankaliza mahutala, wina ankakhoma chitsulo kwa owotcherera, koma chitseko chitatsekedwa zonsezo zinamveka ngati zili kutsidya.

Anayatsa tochi ya foni, nadikira.

Sikirini inada. Anawalitsa. Uthenga wa kampani unalipo, zilembo zotuwa. Chithunzi chinalipo.

Inayaka. Inadanso.

"Madala," anatero Kawaya chapansipansi, "tawerengani anthu awa."

Atelala anavala magalasi. Sikirini itawala anawerenga asanu ndi awiri. Itada, chala chawo chinayenda pagalasi, chinafika kumapeto, chinaima pamene panayenera kukhala mulu wa mchenga.

Panali munthu. Kapusi chotembenuza. Phewa limodzi lotsika, lija linathyoka ali mwana atagwa mumtengo.

"Asanu ndi atatu," ananong'ona atelala.

Inayaka. Mchenga wokhawokha.

Apa ndi pamene anamva kaphokoso. Mwina kanalipo kuyambira dzulo, kobisika ndi phokoso la msewu. Ngo. Ngo. Ngo. Ngati mwala ukumenya paipi, kutali, pansi. Kugogoda kulikonse, sikirini inkada. Kawaya anatsitsa mawu a laputopuyo mpaka kumapeto. Kanamvekabe. Anatsegula kunsi, nazula waya wa sipika.

Ngo. Ngo. Ngo.

Kenako zii.

"Akupumitsa dzanja," anatero atelala. "Mwana wanga, wakufa satopa. Ameneyu ali moyo."

Kawaya anajambula sikiriniyo ndi foni ya atelala. Pachithunzi panatuluka kuwala kwa tochi basi. Anajambula kanema, chimodzimodzi. Analamula laputopuyo kuti ijambule yokha zimene ikuonetsa, inatulutsa anthu asanu ndi awiri ndi mulu wa mchenga. Anaitana mlamu wake. Mayiyo anayang'ana kamodzi kokha, nakhala pansi pasimenti.

"Ndi iwo," anatero. "Malaya awo ndinasita ndine. Bwanji ayasama kukamwa choncho?"



Anathamanga nayo ku maofesi awiri tsiku lomwelo. Koyamba anawauza kuti abweretse umboni wogwirika. Kwachiwiri mlembi anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa mwaulemu ngati Kawaya wagona mokwanira masiku amenewa. Kukhala wosauka ndi kumeneko: ukanena zoona amakufunsa za tulo.

Lachisanu m'mawa anapita kumalo a ngozi, onse atatu. Kapitawo anali mu ofesi yake ya malata akumwa tiyi. Mlamu anatsala panja. Kawaya analowa ndi atelala osaodira, natseka chitseko ndi phazi, naika laputopu patebulo.

"Muyang'ane, bwana. Mungoyang'ana basi."

"Iwe, ndani wakulola..."

"Muyang'ane!"

Sikirini inada. Tochi inawala. Tsopano kugogoda kunali kawiri kokha, kupuma kwake kwakutali. Kapitawo anawerama monyinyirika. Atelala amalumbira kuti anaona milomo ya bamboyo ikuwerenga. Inafika pa asanu ndi atatu, koma sinaime. Naini. Teni.

Kawaya anayang'anitsitsa. Kumbuyo kwa mkulu wake kunali nkhope zina ziwiri zimene sankazidziwa. Awiriwo maso awo anali otseka.

Tiyi anatayikira pamapepala. Kapitawo anadzuka, thukuta lili chuchuchu, natseka laputopuyo ndi dzanja lake.

"Sindikuona kanthu," anatero. "Makina ako ndi owonongeka. Kakonze."

Kawaya anamudumphira pakhosi. Alonda atatu anamukokera kunja. Anawapulumuka, nalumpha mpanda, nayamba kufukula zigumukire ndi manja, akuitana mkulu wake mpaka mawu kusasa. Milu ya konkire inali yaitali kuposa nyumba. Anamunyamula ngati thumba, namuponya kumsewu, mlomo utang'ambika, zikhadabo ziwiri zitachoka. Odutsa anaima, anajambula ndi mafoni awo, napitiriza ulendo.

Madzulo a tsikulo kugogoda kunatsala kamodzi. Ngo. Kenako mphindi zisanu, khumi, zopanda kanthu. Kawaya anakhala ndi tochi m'manja, akuwerenga mumtima maola amene anataya ndi mawaya. Masana onse a Lachitatu. Theka la Lachinayi. Akanayamba ndi tochi. Ndi chinthu chimene amachita pa sikirini iliyonse yakuda, koma iyi ankafuna kuigonjetsa ndi nzeru zake.

Loweruka anatsegula shopu dzuwa likutuluka. Mlamu anabwera, nakhala pabenchi. Atelala sanatulutse makina awo osokera. Cha m'ma eyiti anamva kulira kwa makina aakulu kuchokera kumsewu uja, ndipo madzi a m'kapu patebulo anayamba kunjenjemera.

Ngo.

Anadikira.

Ngo. Kotsika kwambiri, ngati chala pathabwa.

Itangokwana teni koloko sikirini inada, osayakanso. Kawaya anawalitsa tochi. Uthenga panalibe. Chithunzi panalibe. Panali mdima wokhawokha, ndi fungo la simenti lamphamvu moti atelala anayamba kutsokomola. Fani inalira, inalira, inaima.

Mphindi imodzi. Ziwiri.

Kenako inayaka yokha. Tsamba la kampani linaoneka loyera, lokhazikika. Anthu asanu ndi awiri. Mulu wa mchenga.

Anadikira ola lathunthu. Sinaphethirenso.

"Mwakonza, alamu?" anafunsa mayiyo, maso ali pansi.

"Sindinakonze ine," anatero Kawaya.

Pamalo paja anathirapo konkire yatsopano, ndipo nyumba ina yafika kale pansanja yachitatu. Laputopuyo mlamu anakana kuitenga. Ili pashelefu m'shopu, imagwira ntchito bwino kuposa zonse zimene Kawaya anakonzapo, ndipo wakana kuigulitsa kwa anthu anayi. M'mawa uliwonse amapukuta fumbi lotuwa pansi pake. Atelala anamufunsa tsiku lina kuti bwanji osangoitaya. Iye anati mkulu wake anali ndi womufunafuna, koma awiri aja sanamvepo aliyense akuwafunsa, ndipo nkhope zawo anaziona ndi iye, atelala ndi kapitawo basi.