Pepala la Linda Lanyowa

Unali m'mawa. Mvula inali itangosiya kumene. Madzi anali atadzaza dambo lonse la ku Nyachikadza.

Linda anadzuka msanga. Linali tsiku lotsekera sukulu. Makolo onse anaitanidwa. Linda anasankhidwa kuti akalankhule Chingerezi m'malo mwa kalasi yake.

Linda ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kulankhula bwino, bambo ake akumva.

Mphunzitsi wake anali Madamu Estere. Madamu anamulembera ziganizo papepala. Chiganizo chilichonse chinali ndi mawu akuti get.

I get a taxi.
I get a letter.
I get on the train.

Linda anawerenga. Anawerenganso. Koma ziganizozo sizinkakhala m'mutu. Linda anali asanakwerepo takisi. Anali asanalandirepo kalata. Anali asanakwerepo sitima.

Madamu anali atamuuza kuti asadandaule. "Udzangowerenga papepalapo," anatero.

Bambo ake a Linda anali a Shadreck. Ankapha nsomba. Ankawolotsanso ana a sukulu pa bwato. Tsiku limenelo anavala malaya awo a kutchalitchi.

"Ababa, lero simupita kunsomba?" anafunsa Linda.

"Nsomba zidikira," anatero bambo. "Lero ndikukamva iwe."

Anafika padoko. Limbani anali atafika kale. Limbani anali mnzake wa Linda wa m'kalasi.

Bwato la bambo linali lakale. Linkalowa madzi pang'onopang'ono. Choncho panali lamulo. Wokhala pakati ndiye ankakapa madzi.

Linda anakwera maso ali papepala. Sanaone pamene akukhala. Anakhala pakati.

"Wakhala pakati, mayi wa Chingerezi," anatero Limbani. "Chigubu ndi ichi."

Linda anaika pepala pamiyendo. Anatenga chigubu chodula. Anakapa. Anataya. Anakapa. Anataya.

Bwato linalowa m'mabango. Linapendekeka pang'ono. Pepala linatsetsereka. Linagwera m'madzi a m'bwato.

Linda analitola msanga. Koma inki inali itayenderera kale. Takisi inasowa. Kalata inasowa. Sitima inasowa. Panangotsala mawanga.

"Sitima yako yamira," anatero Limbani.

Anayamba kuseka. Kenako anaona nkhope ya Linda. Anasiya kuseka.

"Ababa, mawu onse apita," anatero Linda.

Bambo anayang'ana pepalalo. Anayang'ananso madzi a m'bwato.

"Kapa, mwanawe," anatero. "Tikafike kaye."

Linda anakapa. Anataya. Diresi lake linanyowa mpaka m'mawondo.

Kusukulu anthu anali atadzaza pansi pa mitengo ya nimu. Amayi anakhala pamphasa. Abambo anakhala pamabenchi. Bambo ake a Linda anakhala kumapeto kwenikweni.

Linda anapita kwa Madamu. Anawaonetsa pepala lonyowa.

"Ayi, pepa," anatero Madamu. "Nthawi yolemba lina palibe. Tayamba kale. Ukukumbuka ziganizo ziti?"

"Palibe, Madamu."

"Ndiwauze ahedi kuti adumphe kalasi yathu?"

Linda anayang'ana kumabenchi. Bambo anakhala mowongoka. Chipewa chawo chinali pamawondo. Ankadikira.

"Ayi, Madamu," anatero Linda. "Asadumphe."

Kalasi ina inaimba nyimbo. Kalasi ina inavina. Kenako ahedi anaitana dzina la Linda.

Linda anaimirira kutsogolo. Anthu onse anamuyang'ana. Linda anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. M'mutu munalibe takisi. Munalibe kalata. Munalibe sitima.

Anayang'ana pansi. Madzi ankadontha pa diresi lake. Tho. Tho. Tho. Ankagwera pamapazi ake.

Mawu a zimenezi Linda ankawadziwa. Madamu ankawanena ana akabwera mvula itawanyowetsa.

"I get wet," anatero Linda chapansipansi.

"Kweza mawu," ananong'oneza Madamu.

Linda anagwira m'munsi mwa diresi. Analifinya. Madzi anatuluka ambiri.

"I get wet," anatero mokweza.

Makolo anaseka. Ambiri sankadziwa Chingerezi. Koma anamva. Kunyowa ankakudziwa onse.

Linda anapumira m'mwamba. Mantha anachepa. "Ndiyambire m'mawa," anaganiza.

Anatsamiritsa mutu pamanja. Anatsinzina. Kenako anadziwongola.

"I get up."

"Wadzuka," anatero mayi wina pamphasa.

Linda anawerama ngati akutunga. Anasenza ndowa yongoyerekeza. Anayenda mosamala.

"I get water."

"Watunga madzi," anatero amayi ambiri pamodzi.

Linda anakweza mwendo umodzi. Anakweza winawo. Anakhala pansi n'kugwira uku ndi uku. Anapendekeka pang'ono.

"I get in the boat."

"Wakwera bwato," anatero abambo a pamabenchi. "Akukwera bwino. Saliponda m'mbali."

Limbani anakuwa ali pakati pa ana. "Nanga utakapa madzi?"

Linda anakapa m'malere. Anataya. Anakapa. Anataya. Anapukuta pachipumi.

"I get tired."

"Watopa," anatero anthu onse.

Linda anaimirira. Anayenda pang'ono. Analoza makalasi. Analoza mitengo ya nimu. Mawu ake anamveka mpaka kumapeto kwa mabenchi.

"I get to school."

Anagwada pang'ono mwaulemu. "Takhuta," anathokoza m'Chisena.

Amayi anaimba nthungululu. Abambo anaomba m'manja. Ana a kalasi ya Linda anadumphadumpha. Limbani ndiye anadumpha kwambiri.

Bambo wina anakhala pafupi ndi a Shadreck. Anawagwira paphewa.

"Mwana wa yani ameneyu?" anafunsa.

"Wanga," anatero a Shadreck.

Kenako anakonza kolala ya malaya awo.

Madamu anamugwira Linda dzanja. "Ziganizo zimenezi sindinalembe ine," anatero.

"Ndalakwitsa, Madamu?"

"Sunalakwitse ngakhale chimodzi. Tikadzatsegulira, udzazilemba pabolodi. Anzako adzaphunzire zako."

Masana anabwerera kunyumba. Dzuwa linali litatuluka. Diresi la Linda linauma.

Bambo anafukula mbatata paphulusa. Anaimenya m'manja kuti phulusa lichoke. Anainyema pakati. Mbali yaikulu anampatsa Linda.

"Ndamva zonse," anatero bambo.

"Koma ababa, inu Chingerezi simuchidziwa."

"Chako ndachimva."

Linda anamwetulira. Anadya mbatata. Inali yotentha. Inali yotsekemera.

"Nanga munthu akafika kwawo amati chiyani?" anafunsa bambo.

"I get home."

Bambo anayesa. Lilime linakana. Anayesanso. Linda anawathandiza pang'onopang'ono.

"I get home," anatero bambo.

"Mwakhoza, ababa."

Bambo anagwedeza mutu. Anamaliza mbatata yawo.

Kumunda kunamveka phokoso. Mbalame zinali zitatera pampunga. Linda anapukuta manja. Anatenga chitini chake ndi kamtengo. Anathamangira kumunda kukaziingitsa.